Chisoso pa Buluku la Bambo

Lachinayi pa 14 Malichi, Bambo anatuluka m'nyumba cha m'ma 9 koloko m'mawa kukagula buledi, ndipo dzuwa linafika pamutu asanabwere. Foni yawo inali pa tebulo pafupi ndi kabotolo ka mankhwala. Chipewa ndi ndodo panalibe.

Azakhali, mlongo wawo wa Bambo amene ankawasamalira masana, anaimbira mwana wamkazi wa Bambo kuntchito. Mwanayo aliyense ankamutchula Kalaliki, dzina limene bambo akewo anamupatsa ali wamng'ono chifukwa chokonda kufunsa kuti "mubwera nthawi yanji?" Dzinalo linakula naye mpaka linasanduka ntchito. Ankakonza maulendo pa kampani ina ya mathiraki. Pa kompyuta yake thiraki iliyonse inkaoneka ngati kadontho koyenda, ndipo kadontho kakaima pamalo osayenera, iye ankanyamula foni n'kufunsa chifukwa.

"Bambo ako sanabwere," anatero Azakhali.

"Kuchokera kuti?"

"Kugolosale. Tiyi ndatenthetsa, wazizira, ndatenthetsanso, wazizirabe."

"Mwawaimbira?"

"Ndawaimbira, inde. Yalira pompano, pamphuno panga."

Kalaliki anasiyira mnzake madontho ake n'kutuluka.

Bambo anayendetsa mathiraki kuyambira asanakwatire mpaka tsitsi litayera. Anzawo ankawatchula kuti a Wotchi, chifukwa sanafikepo mochedwa ndipo sankaima panjira kupatula pothira mafuta. Mu Novembala anadwala sitiroko. Lilime linabwerera msanga, koma mwendo wamanzere unatsala ukukoka. Dokotala ananena zinthu ziwiri: aziyenda tsiku ndi tsiku, ndipo a pabanja aziona ngati ayamba kuiwala njira kapena mayina.

Chachiwiricho ndi chimene chinagawa ana. Mchimwene wake wa Kalaliki, amene anali ndi sukulu yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ankafuna kuwatenga Bambo kuti azikakhala kwake, kunyumba ya mpanda wautali ndi geti lokhoma. Bambo anangoti, "Ndituluka muno mutandinyamula." Kalaliki anaima mbali yawo, ndipo ndi iye amene anakonza dongosolo: kuchoka pageti, kutsata tala mpaka kugolosale, kubwerera njira yomweyo, foni ili m'thumba. Mchimwene wakeyo anavomera monyinyirika.

"Koma tsiku limene adzasochere," anatero, "sitidzakambirananso."

Mawu amenewo ndi amene ankamulira Kalaliki m'mutu ataima pageti la kuntchito. Ankaopa zinthu ziwiri, ndipo sankadziwa choti ayambe kuopa. China chinali chakuti Bambo agwa penapake. China chinali chakuti ali moyo, ali bwino, koma sakudziwa kumene kuli kwawo.

Mchimwene wake anabwera pa galimoto yophunzitsira, ya chilembo chofiira kutsogolo ndi kumbuyo. Kalaliki anakhala pampando wa mphunzitsi, pamene pali buleki yachiwiri.

Anayambira kugolosale. Mwini golosale anati a Wotchi anabweradi, anagula buledi, anamunyoza pang'ono za timu yake ya mpira monga mwa masiku onse, n'kutuluka.

"Analowera kuti?"

"Ndinali ndi kasitomala, achemwali. Sindinaone."

Kenako anatsata tala. Anapita kudepoti yakale kumene Bambo ankanyamukira, mlonda n'kupukusa mutu. Anapita pokwerera mabasi, kuchipatala chaching'ono, kwa mnzawo wina wa Bambo amene anapuma ntchito chaka chimodzi ndi iwo. Ankayenda pang'onopang'ono, maso ali m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Kalaliki akangoona chipewa chilichonse, phazi lake linkadziponda lokha, galimoto n'kugwedezeka.

"Chotsa phazi pa buleki yangayo," anatero mchimwene wake. "Ophunzira anga amaopa, koma osati chonchi."

"Mwina sanatsate msewu, achimwene."

"Bambo? Munthu wakhala pa tala moyo wake wonse. Ngakhale mutu utasokonezeka bwanji, miyendo ija ifuna msewu. Unawaonapo ataponda udzu?"

Kalaliki anali asanawaonepo. Ali ana, Bambo ankawatenga pa galimoto ngakhale popita kwa aneba a kuseri kwa msika, ndipo mwana akati akufuna kukodza ankamuyankha kuti apirire, tatsala pang'ono kufika. M'banja limenelo, munthu akasowa ankafunidwa pa galimoto. Palibe amene anaganiza zina.

Anadutsa pa mlatho waukulu wa kunja kwa tauni, kupita ndi kubwerera, osaona kanthu. Dzuwa litapendeka anabwerera kunyumba. Mchimwene wake sananene kuti "ndinakuuza," koma anazimitsa galimoto mwa njira imene inanena zomwezo.

Azakhali anali pakhonde, buluku la Bambo lochapa lili pamiyendo. Mantha awo ankatulukira m'zala ndi pakamwa.

"Akabwera ndiwauza," ankatero. "Akangobwera. Chisoso chawochi azichotsa okha. Sabata yonse ino ndakhala ndikutola ngati nkhuku. Mchimwene wanga wamkulu, koma buluku ngati la mbusa wa mbuzi."

Kalaliki anatenga bulukulo. Kuyambira m'mawondo kutsika, timinga takuda ta chisoso tinali titakanirira mu nsalu, tina titapirira ngakhale sopo.

"Sabata yonse, azakhali?"

"Mwina ndi yathayi yomwe."

Njira ya kugolosale Kalaliki ankaidziwa bwino, poti anaisankha yekha. Inali tala ndi simenti kuchoka pageti mpaka pakhomo la golosale. Panalibe pomera chisoso.

"Achimwene, inu pitani kupolisi. Ine ndibwerera kugolosale."

"Tapitako kale."

"Tinapita pa galimoto."

Wapansi, anaona chimene pa galimoto sichinkaoneka. Pakati pa khoma la golosale ndi mpanda wa malata wa wowotcherera zitsulo panali mpata wokwana munthu mmodzi. Kanjira kankatsika pamenepo n'kulowa mu udzu wofika m'chiuno. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo m'matope munali timaenje tozungulira ta mphira ya kunsi kwa ndodo, pambali pake mzere wa phazi lokoka.

Anayamba ndi liwiro, akuitana. Nsapato zake za gogoda zinamira kawiri, kachitatu anatsala pang'ono kukhala pansi. Anazivula n'kuzinyamula m'manja. Wopanda nsapato munthu sathamanga pa miyala, choncho anayenda monga njira inkalolera, maso ali pansi.

Timaenje tija sitinkayenda molunjika. Tinkapita, n'kupatuka, n'kuunjikana pamalo amodzi ngati munthu waima nthawi yaitali akutembenukatembenuka. Kuntchito kwake, kadontho kochita zimenezo kankatanthauza vuto. Munthu wosochera amayenda chonchi, anaganiza.

Pamalo achitatu oterowo anaima ndendende pamene ndodo inaima, kuti aone ngati Bambo anagwa. Sanagwe. Atadzutsa mutu anaona bango lopendekera pamadzi, lodzaza ndi zisa zolendewera, timbalame tachikasu tikulowa ndi kutuluka, tina tikuluka ndi udzu wauwisi, tonse tikukangana ngati amayi a pamsika. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, pamalo achiwiri. Pamenepo panali mkuyu waukulu, ndipo munthu akaima pamene ndodo inaima ankaona mtsinje wonse ukukhota pakati pa miyala. Kalaliki anabadwira m'dera lomwelo, koma sankadziwa kuti mtsinjewo uli pafupi chonchi. Ankaudziwa ngati dzina la pa chikwangwani cha pa mlatho.

Anapitiriza, tsopano osaitana.

Anawapeza pansi pa mlatho waukulu, womwe uja anaudutsa kawiri ndi mchimwene wake. Anali atakhala pa simenti ya tsinde la mlatho, atamufulatira, nsapato zili pambali, mapazi ali m'madzi. Buledi anali wotsegula, wodyedwa mbali imodzi. Kalaliki anaima n'kuyang'ana msana wawo mpaka ataona kuti ukukwera ndi kutsika. Pamenepo anakhala pa mwala umene unali pafupi.

Bambo anacheuka.

"Bwana Kalaliki. Wapansi? Magalimoto atha m'dziko muno?"

"Bambo, mukudziwa kuti ndi nthawi yanji?"

"Sindikudziwa. Ndipo ndikuuze, mayi, palibe pamene pakundiwawa chifukwa chosadziwa."

Iye anali atakonza mawu ambiri m'njira, okhudza foni, mankhwala ndi Azakhali. Onse anathawa. Anangosendera n'kukhala pambali pawo.

"Tayang'ana m'mwambamo," anatero Bambo.

Kunsi kwa mlatho kunali kodzaza ndi zisa zadothi za anamzeze, zomatidwa m'mizere. Mbalamezo zinkatsika, kukhudza madzi, n'kubwerera. Thiraki inadutsa pamwamba, mlatho wonse unanjenjemera, fumbi linagwa pang'ono, koma anamzeze sanasinthe kanthu.

"Mlatho uwu ndaudutsa kuyambira iwe usanabadwe," anatero. "Ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti ndimaudziwa. Pofika apa umatsitsa giya, pakati pali kabampu, ukatuluka umaponda. Basi. Kuti pansi pake pali mudzi wonse, ayi. Amayi ako ankati tiime tione madzi. Ndinkati tichedwa."

"Munkachedwa kuti?"

"N'zimene ndakhala ndikudzifunsa apa." Anamvetsera thiraki ina ikudutsa. "Iyo yadzaza, ndipo mnyamatayo wachedwa kusintha giya. Ngati ndi wa kwanu, umuuze."

Kalaliki anaseka, ndipo kusekako kunatuluka ndi misozi pang'ono. Anapukuta ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anaimbira mchimwene wake.

"Ndawapeza. Ali bwino."

Kumbali inayo kunamveka mpweya wautali. "Muli pati? Ndikubwera."

"Kulibe msewu kuno, achimwene. Tibwera tokha. Kadikireni kunyumba."

"Anasochera?"

"Tikubwera," anatero, n'kudula.

Funsolo linatsala pakati pawo. Munthu amene wakhala pansi pa mlatho theka la tsiku akhoza kukhala kuti wakonda malowo, akhozanso kukhala kuti sakudziwa potulukira ndipo akuchita manyazi kunena. Kalaliki anawathandiza kuvala nsapato, n'kunena ndi mawu opepuka mmene akanathera:

"Tiyeni kunyumba, Bambo. Tsogolani."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mayeso?"

"Ayi, kungoti…"

"Mchimwene wako uja geti lake walipaka kale girisi, eti?" Anagwira mkono wake n'kudzuka. "Chabwino. Koma dalaivala ndine. Wokwera salankhula."

Anamugwira pachigongono, n'kumamuwongolera nacho ngati chiwongolero. Ndipo sanalowere kumene anachokera. Anapitirira mlatho, kutsata mtsinje chotsika.

Kalaliki anacheuka. Golosale inali kumbuyo kwawo. Phazi lililonse linkawatalikitsa ndi njira yokhayo imene iye ankaidziwa. Anaganiza za chipinda cha kwa mchimwene wake, cha zenera loyang'ana khoma.

Ankayenda pa liwiro la mwendo wamanzere wa Bambo. Poyamba thupi lake lonse linkakana, linkafuna kutsogola, ndipo chigongono chinkabwezedwa. Foni inalira, ya kuntchito. Inaliranso. Anaizimitsa. Patapita kanthawi anazindikira kuti akumva zinthu: madzi akusintha mawu pamiyala, njiwa kutsidya, udzu ukukhudza siketi yake. Matope anali ozizira kumapazi. Panali fungo la masamba onyowa limene analimva komaliza ali pasukulu ya pulayimale. Mapewa ake, amene ankakhala okwera kuyambira Novembala, anatsika osawauza.

Anafika pamene kanjira kankagawika pawiri. Bambo anaima.

Anaima nthawi yaitali, mutu uli pansi. Kalaliki anayang'ana njira ziwirizo. Anaganiza zoti angoloza mbali imodzi mwakachetechete, ngati mwangozi, kuti mchimwene wake asadzadziwe. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti sakudziwa mbali yoti aloze. Iye amene ankauza madalaivala njira za m'mayiko ena sankadziwa ngati kwawo kuli kumanja kapena kumanzere.

"Bambo…"

"Shh. Wayamba ndi iyeyu kulowa mumsewu."

Bilimankhwe ankadutsa kanjirako, akukweza phazi, kuganiza, kulibweza, n'kuliponda. Anamudikira mpaka mchira utalowa mu udzu.

"Ameneyu ndiye mnzanga," anatero Bambo. "Tonse tili m'giya yoyamba." Kenako anakhotetsa chigongono chake kumanja, kusiya mtsinje, kutsata kangalande kamadzi ochepa kokwera chitunda.

"Munadutsapo kuno?"

"Wokwera walankhula. Ayi, sindinadutsepo."

"Ndiye mukudziwa bwanji?"

"Madzi amene azakhali ako amataya akachapa amapita kuti?"

"Kungalande ya kuseri."

"Nanga ngalandeyo imapita kumwamba? Dzulo ndinaona thovu la sopo likutulukira apa, ndinati tsiku lina ndidzaone. Tamvera."

Patali pankamveka makina a wowotcherera zitsulo akulira, osati kumbuyo kwawo, koma kumanja. Mtsinje unali utawazungulitsa.

Anapuma kawiri pokwera. Kachiwiri Bambo anathyola buledi n'kumugawira, ndipo anadya ataima. Pamwamba pa chitunda panaoneka thanki yamadzi ya aneba, kenako mtengo wa mapeyala umene Amayi anabzala, kenako mpanda wamaluwa wa kuseri kwa nyumba yawo, wokhala ndi mpata umene agalu anaboola.

Kalaliki anaima. Anapuma mpweya umene unkaoneka ngati wakhala ukudikira tsiku lonse.

"Ndakhoza?" anafunsa Bambo.

"Mwakhoza."

"Laisensi ndikatenge kuti?"

Anazungulira nyumba. Mchimwene wake anali pageti, atawafulatira, manja ali m'chiuno, akuyang'ana kumsewu uku ndi uku. Bambo anasendera mwakachetechete n'kumugwira paphewa.

"Mukudikira ndani, aphunzitsi?"

Mchimweneyo, mwamuna wamkulu wandevu, analumpha ngati mwana. Kenako anawagwira Bambo mapewa onse awiri, kuwayang'ana kumaso, n'kutembenukira kwa mlongo wake.

"Anasochera?"

"Anditsogolera ndi iwo, achimwene, njira imene ine sindikuidziwa. Wosochera ndinali ine."

Mchimwene wake anayang'ana mapazi ake amatope, nsapato zili m'manja, siketi yodzaza chisoso. Anapukusa mutu, koma nkhope inali itamasuka.

"Foni, Bambo. Chonde. Foni yokha."

"Foni nditenga. Ikalira ndiyankha ndikamaliza kuona chimene ndikuona."

Azakhali anatuluka ndi tiyi wotenthetsa kachinayi, akulalata ndi kuseka nthawi imodzi. Anati anthu awiri tsopano abweretsa chisoso m'nyumba, ndipo iwo sanabadwire zimenezo. Anakhala onse pakhonde. Bambo anamwa mankhwala awo. Kalaliki anati Loweruka abwera kuti adzayende nawo.

"Tidzapita kuti?" anafunsa.

"Ngati ukufunsa zimenezo, usabwere," anatero Bambo.

Azakhali ndi amene anayang'ana pakona ya chitseko, pamene ndodo inkakhala.

"Achimwene, ndodo ili kuti?"

Kalaliki anayesa kukumbukira. Anawaveka nsapato, anawadzutsa, anagwira mkono wake. Njira yonse ija iye sanazindikire kuti ndodo palibe.

Bambo anamwako tiyi.

"Ndaisiya," anatero. "Ndinali ndi ina, yolankhula."

Mchimwene wake anayang'ana Kalaliki. Kalaliki anayang'ana m'kapu mwake. Za geti ndi chipinda palibe amene anazitchula tsiku limenelo.

Loweruka pa 16 anatsika awiri kudzera pampata wa kugolosale, ndipo anafika pa mlatho mochedwa kwambiri chifukwa Bambo anafuna kuona kumene kanjira kena kankathera. Ndodo anaipeza itatsamira tsinde la mlatho, yoimikidwa bwinobwino pamalo ouma, chogwirira chili m'mwamba. Munthu akhoza kuimika ndodo choncho pofuna kudzaitenga mawa. Akhozanso kuiimika choncho pofika, n'kuiiwala ponyamuka. Kalaliki sanafunse, ndipo Bambo anangoitenga n'kuloza nayo chisa chatsopano.

Dokotala adzawaona Lachiwiri pa 2 Epulo.